Tizipangizo Topanda Miyendo

Kale wailesi ikafa ku Ntchisi kuno, panalibe zofunsa. Ankaimangirira panjinga n'kupita nayo kwa a Langton Chimphepo, kuseri kwa msika wa paboma. Iwo za magetsi analibe nazo ntchito. Chitsulo chawo chowotcherera chinkapsa pambaula, ndipo wailesi yobwera ili duu inkabwerera kumudzi ikulengeza za maliro panjira.

Ntchitoyi ankaikonda chifukwa zipangizo za m'wailesi zinali ndi miyendo. Umalowetsa miyendoyo m'timabowo ta bolodi, kutembenuza, kudonthezera mtovu kuseri, basi chagwira. Pochotsa chakufa, ankatenthetsa mtovuwo n'kugogoda bolodilo pathebulo, go! Mtovu wosungunuka n'kugwa, bowo n'kutseguka. Dzanja lawo linazolowera kugogodako mpaka linkachita lokha, mwini wake akucheza.

Kenaka kunabwera mafoni. Kabolodi ka foni kalibe mabowo a miyendo. Tizipangizo amangotimata pamwamba, tating'ono ngati mbewu ya fodya. "Chinthu chopanda miyendo chingaime bwanji?" ankatero a Langton, uku akulavula. Koma anthu sadya mtsutso. Anayamba kutengera mafoni awo ku Dzaleka, kwa amisiri a makina ouzira mpweya wotentha, ndipo mkuluyu anatsala ndi matochi ndi ntchentche. Maso nawonso anayamba kuchita nkhungu.

Akazi awo, a Nankhoma, anamwalira chimanga chikumasula. Anasiya zitenje, yunifomu ya Chigwirizano, ndi kafoni kamabatani. M'kafonimo, osati pa memori khadi ayi, munali mawu amene anadzijambula akuphunzira nyimbo ya kutchalitchi. Ankaimba bwinobwino, kenaka n'kudukiza: "Abambo a Rakele! Mbuzi zija zalowa m'mbatata, inu muli phee!" N'kuseka. Kusekako n'kumene a Langton ankamvetsera m'mawa uliwonse asanakoleze mbaula. Ankawasowa akazi awo koopsa, ngakhale pagulu sankanena.

Tsiku lina kafoni kanakana kutchaja. Batire linatha, mai aja anakhala chete.

"Ababa, ndipatseni ndipite nako ku Dzaleka," anatero Rakele, mwana wawo. "Ndi polowetsera tchaja pokha. Kumeneko n'kanthawi kochepa."

"Iwe! Mawu a amako akawagwire munthu wachilendo ine ndili moyo? Unakula ndi chitsulo chomwechi."

"Maso anu, ababa."

"Maso anga atani?"

Paja amati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo, komatu ine sindiwaseka a Langton. Sikunali kudzikuza kokha. Ankaona kuti pa zonse zimene analephera kuwachitira akazi awo kuchipatala, ichi chokha n'chimene manja awo akanatha.

M'mawa mwake anakoleza makala. Ananola nsonga ya chitsulo mpaka inasongoka, n'kutsegula kafoniko, kabolodi kali gada pathebulo. Anavala magalasi, nkhope ili pafupi moti utsi unkalowa m'mphuno. Anagunditsa chitsulocho. Koma chitsulo cha pambaula chilibe ulemu, chimatentha ponseponse. Mtovu unasungunuka, dontho n'kuyenderera pamwamba pa tizipangizo toyandikana nalo.

A Langton sanaganize n'komwe. Dzanja lija linanyamula kabolodi, go! pathebulo.

Mayo ine! Mtovu unagwadi, koma sunagwe wokha. Tizipangizo topanda miyendo tija tinalibe pogwira. Tinathothoka n'kumwazikira pansi padothi. Pamene panali mzere wa timadontho takuda panatsala mbee.

Rakele pobwera ndi chakudya anawapeza atagwada, akutola mchenga ndi chala chonyowetsa malovu, kuuyang'anitsitsa, n'kuutaya.

"Usaponde! Imira pakhomo pomwepo."

Rakele anapita nakobe ku Dzaleka. Mmisiri wa kumeneko, mai wa ku Congo, anakayang'ana pagalasi lokuzira zinthu n'kupukusa mutu. Anati tizipangizo totayikato akanatha kupeza tina, koma moto unali utamatula tinjira ta kopa n'kupsereza kachipangizo kosunga mawu. Panalibe chopulumutsa.

Rakele sanawabisire. Anawauza zonse, a Langton n'kugwedeza mutu ngati amva. "Tikapezeka tizipangizo tonse tija, ndiyesanso," anatero.

Mpaka lero amatsegula kashopu kawo, ngakhale mbaula sakolezanso. Mukawafunsa, amakuuzani za mbuzi ndi mbatata mosaphonya, koma kuseka kuja amati kwayamba kuwathawa, ndipo akayesa kukumbukira amangomva go! wa pathebulo. Pansi m'shopumo padzaza fumbi, makoko a mtedza ndi ndowe za makoswe. Rakele akabwera ndi tsache, iwo amaima pakhomo, manja atatambasula.

"Usasese, mwanawe. Amako ali pansipa."