Lameki wa Dothi

Dothi la pansi penipeni lili ndi fungo lakelake, lozizira, losiyana ndi la m'munda. Ndikalimva, makamaka likasakanikirana ndi utsi wa nkhuni za msuku, ndimaona agogo anga aamuna akutuluka m'dzenje atagwira chingwe, thupi lonse lofiira ngati chulu, maso ndi mano okha ndiwo oyera. Ntchito yawo inali yokumba zitsime. Kuchokera kwathu ku Nachisaka mpaka kumapiri a Ntchisi, mudzi uliwonse womwa madzi abwino unkawadziwa.

Dzina lawo linali Lameki Phiri, koma sanali okha. M'dera lathu munali a Lameki Phiri atatu, onse otchuka, opanda chibale. Oyamba anali aphunzitsi aakulu pasukulu yathu ya mishoni, munthu wa tayi ndi njinga yonyezimira. Achiwiri ankagwira ntchito kuchipatala ku boma, ndipo amayi ankaopseza ana osamva ndi dzina lawo. Achitatu agogo. Posiyanitsa anthu ankati a Lameki a choko, a Lameki a jakisoni, ndi a Lameki a dothi.

Wachinayi ndinali ine. Agogo anandipatsa dzina lawo nditabadwa. Koma kusukulu ndinkanama. Ndinkauza anzanga kuti ananditcha potengera aphunzitsi aakulu. Sindibisa. Dothi linkandichititsa manyazi.

Bodza langa linatha ndili Sitandade 4, chaka chimene mtsinje unaphwa msanga. Ana tinkataya theka la tsiku kukatunga madzi kudambo, ndiye makolo anagwirizana zoitana agogo. Anafika m'mawa ndi piki, fosholo, nyundo, ndowa ndi chingwe, nazungulira bwalo lonse akuyang'ana udzu ndi mitengo, mpaka anaima pafupi ndi mkuyu kuseri kwa kalasi yathu.

"Adzina, apa ndiye patali," anatero aphunzitsi aakulu, chifukwa anthu a dzina limodzi amaitanana choncho. "Ine ndimafuna pafupi ndi ofesi."

"Adzina, madzi sadziwa kumene kuli ofesi yanu."

Kenaka anandiona pawindo. "Uyo ndi mdzukulu wanga uyo, dzina langa lenileni! Lameki, ukubisala chiyani?"

Kalasi yonse inaseka mpaka aphunzitsi anamenya tebulo.

Agogo anakumba milungu iwiri, anyamata a m'mudzi akukoka ndowa pamwamba, ife tikuwerenga m'kalasi uku tikumva kugunda kwa piki kukutsikiratsikira pansi, mpaka dzenje linafika poti anthu anayi atasanjikizana sakadaoneka. Tsiku lina phokoso linasintha. Piki inayamba kulira ngati belu. Anapeza thanthwe.

Anamenya masiku atatu, thanthwe osagwedera. Ana anandipatsa dzina latsopano: Lameki wa dzenje louma. Aphunzitsi aakulu anabwera pamphepete atagwira manja kumbuyo.

"Adzina, titseka sukulu Lachisanu la sabata yamawa. Madzi akapanda kutuluka, tikwirira. Sindingasiye dzenje lotere kuti mwana wa munthu agweremo."

Sanalakwe. Koma agogo anali asanasiyepo chitsime chouma, ndipo pasukulu paja pankabwera ana a midzi yonse yozungulira. Dzenje lija likadakwiriridwa, nkhani ikadalowa nyumba iliyonse, ndipo palibe mudzi ukadawaitananso.

Madzulo ake ndinapempha amayi kuti akandilembetse dzina lina kusukulu. Agogo anali pakhonde akunola piki. Anamva zonse.

"Likukuthina dzinalo?"

Ndinayang'ana pansi.

"Ngati likuthina, uvule. Koma udikire Lachisanu lipite."

M'mawa mwake anatsitsira m'dzenje nkhuni zouma za msuku ndi zitsononkho, nayatsa moto pamwamba pa thanthwe. Utsi unatuluka m'nthaka tsiku lonse, wakuda, woyabwa m'maso, ukulowa m'makalasi mpaka aphunzitsi ankatsokomola polemba pa bolodi. Makala atafiira anathira madzi ozizira, ndowa zimene amayi a m'mudzi anasenza kuchokera kudambo. Pansi panamveka kuphulika ngati mfuti.

Sanatsike. Tsiku lotsatira anamanga koloboyi yoyaka pa chingwe n'kuitsitsa pang'onopang'ono. Isanafike pansi inazima.

"Adzina, masiku akutha," anatero aphunzitsi aakulu.

"Nyali yakana. Nyali ikakana, mpweya ndi woipa, ine sinditsika. Mukufuna chitsime kapena manda?"

Anadikira tsiku lina. Nyali inafika pansi ikuyaka. Anatsika, ndipo thanthwe linali litang'aluka koma lisanatheretu. Anayatsanso moto, anadikiranso. Lachitatu, akumenya ndi nyundo, chibenthu cha mwala chinawang'amba chala chachikulu cha dzanja lamanja mpaka fupa kuoneka. Anyamata anawakoka magazi akutsikira m'chigongono.

Aphunzitsi aakulu anavula tayi, anamanga nayo dzanjalo, n'kuwakweza pa njinga yonyezimira ija, dothi ndi magazi zili choncho, mpaka ku boma. Zakumeneko agogo ankazifotokoza akuseka mpaka ukalamba wawo. Kalaliki anafunsa dzina la wodwala. Lameki Phiri. Wowabweretsa? Lameki Phiri. Kalaliki anaponya cholembera pansi, ati mukundiseweretsa. Pomwepo analowa osoka mabala, ndipo anali a Lameki a jakisoni.

"Adzina, dzanja ili lipume milungu iwiri," anatero atamaliza kusoka.

"Adzina, inu zanu ndi zosoka. Zopuma zisiyireni a chokowa, ndiwo ali ndi holide."

Lachinayi anatsika ndi dzanja lomanga nsalu. Anagwira nyundo kumanzere. Kugunda kwake kunali kochedwa, kamodzi, kenaka chete, kenaka kamodzi, koma sikunaleke mpaka dzuwa kupendeka. Ine masamu sindinawamve tsiku limenelo. Ndinkangomvetsera nyundo.

Lachisanu tili pa mzere kumva zotsatira za mayeso, mnyamata wokoka chingwe anakuwa. Mzere unasweka, aphunzitsi omwe anathamanga. Ndowa inali itatuluka ndi matope onyowa. Yachiwiri inatuluka ndi madzi ofiira. Mawu a agogo anamveka kuchokera pansi: "Muitaneni Lameki wamng'ono!"

Atatuluka anatunga madziwo ndi chikho n'kundipatsa pamaso pa sukulu yonse.

"Imwa."

Ndinamwa. Mchenga unalira m'mano.

"Nanga dzina lija, uvula?"

"Ayi, agogo."

"Chabwino." Anatola nyundo yawo.

Chitsime atachimangira njerwa, aphunzitsi aakulu analembetsa pa simenti kuti Chitsime cha Lameki Phiri. Anachita izi polemekeza agogo. Koma alendo akawerenga ankathokoza aphunzitsi aakulu, ndipo iwo atasamuka panalibenso wokonza nkhaniyo. Ndinadandaula kwa agogo. Iwo kuwerenga sankadziwa.

"Asiye amwe," anatero. "Wofuna kudziwa mwini wake atsike."

Ndinatsika ndili bambo wa ana atatu, agogo atamwalira kale, chaka chimene tinkachotsa matope m'chitsimecho. Ndinayamba ndatsitsa nyali. Pansi, pamene njerwa zinakumana ndi thanthwe lakuda ndi moto, ndinapeza dzanja lodindidwa mu simenti. Lamanja. Chala chachikulu chokhota. Ndinaika langa pamwamba pake, ndipo lawo linali lalikulu.

Lero pasukulu paja pali mjigo, koma ukawonongeka ana amabwerera ku chitsime cha agogo. Mwezi wathawu mdzukulu wanga anandiuza kuti mphunzitsi wawo wachinyamata wawauza kuti chitsimecho chinakumbidwa ndi mphunzitsi wamkulu wakale. Ndinatenga ndodo yanga. Miyendo inandisiya kale, koma ndinafika.

Ndinamuuza mphunzitsiyo pamaso pa ana a m'kalasi mwake kuti a Lameki Phiri analipo atatu. A choko anaphunzitsa, ndipo anataya tayi yawo. A jakisoni anasoka chala. Koma anaswa thanthwe ndi a dothi, ndi dzanja lamanzere.

Mphunzitsiyo anapepesa, natenga choko kuti alembe pa bolodi. Kenaka anatembenuka.

"Nanga inuyo agogo, dzina lanu ndani?"

"Lameki Phiri."

Ana anaseka ngati mmene anasekera anzanga kale.

"Uti tsopano?"

"Lembani kuti wa dothi."