Mtedza Umene Sunamere

Mvula yodzalira itagwa chaka chino, akazi anga anandipatsa mtedza wambewu m'jumbo kuti ndikadzale kumunda kwathu, kupitirira Chinamwali. Iwo anatsala akudzala chimanga kuseri kwa nyumba.

Ndili m'njira mvula inayambanso, ndiye ndinausa pakhonde la golosale. Ndinalawa kamtedza kamodzi kuti ndione ngati sunafumbwe. Unali bwinobwino. Pomwe mvula imakata, jumbo ija inali itapepuka mochititsa manyazi.

Wotsalawo ndinadzala m'mizere yoyambirira. M'mizere inayo ndinkangokumba mapando n'kukwirira opanda kanthu, chifukwa eni munda woyandikana nawo ankandiyang'ana.

Nthawi yomera itakwana tinapita tonse kukaona. Mbali ina kunali kobiriwira, mbali ina dothi lokhalokha.

"Atigulitsa mbewu yakufa!" anakalipa akazi anga. Ine ndinangogwedeza mutu kuvomereza.

Anandikokera mumsika wa Zomba, kwa bambo wachikulire amene anatigulitsa mtedzawo. Anawalalatira anthu akuonerera, ine nditaima kumbuyo ndikuyang'ana nsapato zanga. Bambowo sanapse mtima. Anangofunsa kuti, "Mayi, mbewu yakufa imasankha mizere? Ananyamula ndani?"

Akazi anga anatembenuka pang'onopang'ono. Ndinayamba kufotokoza za kuchuluka kwa mbewa chaka chino, koma iwo sanafune n'kumva komwe.

Anapepesa kwa bambowo, anagula mtedza wina, n'kundipatsa jumboyo.

"Tsogolani, bambo a Tadala," anatero. "Ndipo muziimba mluzu mpaka tikafike kumunda."

Ndinaimba mpaka milomo kuuma.