Chuku Choyera cha Perpétua

Perpétua anakwatiwa ku Chidzolomondo atabisa kamtolo ka masamba a nthochi pansi pa zitenje zake. M'masambamo munali chuku. Anzake amapita ku banja ndi mbale ndi mapoto, iye anapita ndi chinthu choti apongozi atachiona angagwire pakamwa.

Lusoli analitola ali kamtsikana, ku Malawi komwe anathawira nkhondo, kwa Irmã wina, sisitere wochokera kutali. Umaphika soya, kumuchotsa makoko, kusakaniza ndi kachidutswa kotsala ka mtolo wakale, n'kukulunga m'masamba. Chuku choyera chikamera chimamanga soyayo pamodzi, ndipo ukakazinga amakoma ngati nyama. Chakuda n'chokayikitsa, chobiriwira n'chakudzala. Perpétua ankazisiyanitsa ndi mphuno asanamasule n'komwe.

Koma kuno chilichonse chochita chuku chimapita kwa nkhumba, ndipo mkazi wodyetsa anthu zoterozo amapatsidwa dzina loipa. Ndiye ankapangira kuchipinda, wodziwa ali mwamuna wake Fabião yekha. Miyezi ya njala, msewu wa ku Furancungo utasanduka phala, ogula soya osabwera, ana ake ankadya n'kukhuta. Apongozi ake, a Zefa, ankanyambita zala osafunsa kuti ndiwoyo imachokera kuti.

Chukucho chinali bwana wankhanza. Ukachedwa kuchipatsa soya watsopano chimafa, ndipo m'dera lonselo munalibe kwina kokatapa. Perpétua sankagona kunja kwa mudzi. Maukwati a abale ankamupita, kwawo ku Ntengo-Wambalame ankangokumva pa foni.

Chaka chatha uthenga unafika woti mayi ake adwalika. Unali mwezi wa Fevereiro, m'nkhokwe mulibe kanthu. Anati akulunge kaye mtolo umodzi, kenako wina. Mtima unkamuwawa kwambiri, koma akayang'ana ana ankabwerera kukaphika soya. Tsiku limene anakwera chapa, kaminibasi kaja, n'kuti akupita kumaliro a mayi akewo, Fabião ali pambali pake monga mkamwini.

Dengu la mitolo analisiyira a Zefa. "Amayi, por favor, musamasule. Mungolisunga pofunda."

Atabwerako anawapeza akumudikira pakhonde.

"Make Khumbo, pepani ndi zovutazi," anatero a Zefa. "Zinthu zanu zija zinayamba kununkha, nditamasula ndinapeza chuku chokhachokha. Ndapatsa nkhumba. Dengu ndalikwecha ndi mchenga ndi madzi otentha, taonani mmene layerera."

Perpétua sanakalipe. Akanakalipira ndani? Mayi wachikulireyo anamuchitira zabwino zimene ankazidziwa. Anathokoza, n'kukhala pansi dengu lili pamiyendo. Tsopano panalibe chomuletsa kukagona kwawo ngakhale mwezi wathunthu, koma kwawoko kunalibenso womupitira, ndipo m'nyumba ana anali atayamba kale kufunsa za ndiwo.