A Buleki Akwera Nsanja

A Buleki akhala akuphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri. Dzina lawo lenileni limapezeka pa laisensi pokha. Ena onse, kuyambira abwana a pasukulu yophunzitsa kuyendetsa mpaka mayi wogulitsa nthochi pageti, amawadziwa ndi dzina limeneli. Linabwera chifukwa cha phazi lawo lamanja, limene limakhala chire pamwamba pa buleki ya mphunzitsi ngakhale galimoto itaima. Akazi awo amati ngakhale ali m'tulo phazilo limaponda bulangeti.

Asanayambe ntchitoyi ankayendetsa lole yonyamula simenti. Msana utayamba kuvuta, anatsika pa lole n'kukakhala pampando wa pambali m'kagalimoto koyera kokhala ndi chilembo chofiira kutsogolo ndi kumbuyo. Ndi bambo wamfupi, wa imvi m'mbali mwa makutu, wosakweza mawu. Wophunzira akalunjika ngalande iwo sakalipa. Amangoponda buleki n'kunena kuti, "Pumani kaye. Galimoto sithawa. Tulutsani phazi pang'onopang'ono." Mawu amenewa awanena kwa anamwino, kwa abusa, kwa oyendetsa takisi a lero, ngakhalenso kwa agogo ena amene anayamba kuphunzira atapuma kale pantchito chifukwa chotopa ndi kudikira kuti ana awaperekeze.

Chimene anthu sankadziwa n'chakuti m'kabokosi ka kutsogolo kwa mpando wawo, pansi pa buku la zikwangwani za pamsewu, munali kope la chikuto chobiriwira. Wophunzira akachedwa, a Buleki ankalitulutsa n'kulembamo ndakatulo. Anayamba kalekale, m'masiku a lole, podikira kuti katundu atsitsidwe. Sanawerengerepo munthu aliyense, ndipo kunyumba kopelo silinkafika n'komwe.

Amene anawagwira ndi wophunzira wawo wina, mayi wa shopu ya mabuku. Mayiyu ankalankhula mofulumira, ndipo ankayendetsa momwe ankalankhuliramo. Anali atalephera mayeso kawiri, kawiri konse pobwerera m'mbuyo pakati pa migolo. Tsiku lina anafika msanga n'kuwapeza a Buleki atawerama, milomo ikugwedera, cholembera chili m'manja.

"Aphunzitsi, mukupemphera?"

"Ayi, ndikulemba mayina a ophunzira a mawa."

"Ophunzira anu mayina awo ndi 'mvula' ndi 'fumbi'?"

Anali atawerenga kale mizere iwiri kopelo lisanatsekedwe. Atakhala pachiwongolero anawafotokozera kuti Loweruka loyamba la mwezi uliwonse amandandalika mipando kuseri kwa shopu yake n'kuimika maikolofoni. Aliyense wofuna kuimba kapena kulakatula amangolemba dzina papepala pakhomo, n'kupatsidwa mphindi zisanu.

"Zimenezo ndi za achinyamata ovala zipewa chammbali," anatero a Buleki.

"Mwezi watha kunabwera bambo wokonza mapaipi, wa zidzukulu zinayi. Anaimba mpaka anthu anaimirira."

"Ameneyo ndi wokonza mapaipi. Lizani injini, mayi."

Mayiyo sanatope. Nkhaniyo ankaiyambitsa pamaloboti, pamlatho, ngakhale pachitunda pamene munthu amafunika kukhala chete. Patatha milungu iwiri a Buleki anafuna kumutseka pakamwa. "Chabwino. Mukakhoza mayeso osagunda mgolo ndi umodzi womwe, ndibwera." Ananena molimba mtima, pakuti migolo ya pabwalo la sukuluyo inali yopindikapindika, ndipo theka la ntchitoyo anaigwira ndi mayi yemweyo.

Vuto linali lakuti a Buleki satha kuphunzitsa mwachinyengo. M'mawa uliwonse ankaima naye pabwalo, kumusonyeza poyang'ana pagalasi ndi nthawi yokhotetsa, kubwereza kakhumi osadandaula. Tsiku la mayeso mayiyo analowa pakati pa migolo ngati ulusi pa singano. Anatuluka m'galimoto akuvina, pepala lili m'mwamba. A Buleki anayamba kumuombera m'manja, kenako anakumbukira lonjezo lawo, manja n'kuima panjira.

Madzulo a tsikulo anapeza akazi awo pakhonde, pa makina osokera, mapini ali pakamwa. Mayiwa ndi telala, ndipo khonde ndilo shopu yawo. Mwana wawo wamkazi womaliza, amene amagwira ntchito mu famase, anali pampando akuvula nsapato.

"Mayi, Loweruka ndili ndi kamsonkhano," anatero a Buleki kwa akazi awo.

"Ka kuntchito?"

"Ka ndakatulo."

Mayiwo anachotsa mapini pakamwa limodzilimodzi. "Mukamvera ndani?"

"Akamvera ine."

Mwana uja anaseka mpaka nsapato inamugwa m'manja. "Adadi, inuyo? Pa ukwati wa asisi anakupatsani mpata wolankhula, inu n'kungoti 'zikomo, yendani bwino.' Anthu anali asanadye n'komwe."

Mayi sanaseke. Anawayang'ana amuna awo nthawi yaitali ngati akuwayeza ndi tepi. "Zaka makumi atatu ndikuchapa malaya a mlakatuli osadziwa. Tipita tonse. Mudzavale abuluu aja."

Loweruka anafika 4 koloko itangokwana, dzuwa likadali lowawa. Kuseri kwa shopu kunali kabwalo ka simenti kozunguliridwa ndi mpanda wa njerwa. Nsanja inali mapaleti awiri a matabwa ofundidwa ndi kapeti yakale. Sipika inali imodzi, yomangiriridwa pamtengo wa peyala, ndipo waya wake unkalowa m'shopu kudzera pawindo. Pakona panali tebulo la tiyi ndi makapu osafanana. A Buleki analemba dzina pa nambala 7, poganiza kuti mwina anthu adzakhala atatopa n'kubalalika.

Palibe amene anachoka. Anayamba ndi asisi awiri a mimba imodzi, amene anaimba popanda chida chilichonse, wina akumenya pachifuwa kusunga nthawi. Anatsatira mlonda wa kusitolo yaikulu ndi ndakatulo yodzudzula agalu a oyandikana naye, ndipo anthu ena amene mwina ankawadziwa agaluwo anavomereza mokweza. Mayi wina anaiwala mawu pakati pa nyimbo, gulu lonse n'kumuimbira mpaka anakumbukira. Wokonza mapaipi uja anaimbadi, ndipo a Buleki anavomera mumtima kuti munthuyo mawu ali nawo. Wachisanu ndi chimodzi anali wometa tsitsi, wamtali, ndi gitala ya nsambo zisanu chifukwa imodzi inali itaduka dzulo lake.

Ndi pamenepo a Buleki anatembenuka n'kuyang'ana m'mbuyo, ndipo anazindikira nkhope. Namwino wa chaka chatha. Woyendetsa takisi amene anamuphunzitsa akadali wowonda. Agogo aja, atakhala mzere wachiwiri, makiyi a galimoto atawapachika m'khosi. Mayi wa mabuku anali atalengeza paliponse.

"Wotsatira," anatero mayiyo pa maikolofoni, "ndi munthu amene wandipirira miyezi isanu ndi iwiri popanda kutukwana. A Buleki."

Anakwera pamapaleti. Anatsegula kope, koma sipika inatulutsa phokoso la mapepala okhaokha. Munthu amene anatsikapo mapiri ndi matumba mazana asanu ndi limodzi a simenti kumbuyo anasowa poyambira. Anayang'ana mzere woyamba wa ndakatuloyo, zilembo n'kumasambira. Anaganiza zopepesa n'kutsika.

Kenako kunamveka mawu a agogo, odekha, ochokera mzere wachiwiri. "Pumani kaye, aphunzitsi."

"Maikolofoni sithawa," anawonjezera wa takisi kumbuyo.

"Pang'onopang'ono," anatero anthu angapo pamodzi, ngati anapangana.

Bwalo lonse linaseka, ndipo a Buleki anaseka nawo, akupukusa mutu. Atamaliza kuseka anapeza kuti zilembo zakhazikika. Anawerenga ndi mawu awo a m'galimoto omwe aja, osakwera, osafulumira:

"Ndimakhala pampando wopanda chiwongolero,
moyo wanga uli m'manja a munthu wa thukuta.
Ndikati kumanja, iye ayang'ana kumanzere,
ndikati imani, iye akapereka moni kwa mtengo."

Namwino anabisa nkhope m'manja, anzake akumuloza. A Buleki anapitiriza ndi za wophunzira amene amatseka maso akaona basi, ndi wina amene amapepesa galimoto ikazima. Pa ndime iliyonse wina m'gulumo ankadziwika yekha ndi kuseka kwake. Wometa tsitsi, amene anali asanabwerere kumpando wake, anakhala m'mphepete mwa paleti n'kuyamba kukhwaza gitala chapansipansi. A Buleki anamuyang'ana, anagwedeza mutu, n'kulowa ndime yomaliza:

"Koma tsiku limafika, m'mawa wamba,
phazi langa limaiwala ntchito yake.
Ndimasuzumira pawindo ngati mlendo,
n'kuona kuti mitengo ya mumsewu uno ili ndi maluwa.
Mwana wa eni akundiyendetsa bwino,
ndipo mawa sadzandifunanso."

A Buleki anatseka kope. Kenako m'manja munalira, ena ataimirira, agogo akugwedeza makiyi awo. A Buleki sanadziwe kuti munthu amatsika bwanji pamalo otere. Anayandikira maikolofoni n'kunena kuti, "Zikomo, yendani bwino." Mwana wawo anagwera paphewa pa mayi ake, misozi ya chiseko ili mbwee.

Pa tebulo la tiyi anthu anawazungulira. Wometa tsitsi anapempha kuti mawuwo awaikire nyimbo. Wokonza mapaipi anawagwira chanza osafuna kuwasiya. "Achimwene, tsopano tilipo madala awiri. Ana awa atidziwa."

Anabwerera kunyumba wapansi dzuwa likulowa, pakuti a Buleki, ngakhale aphunzitsa anthu mazanamazana, galimoto yawoyawo alibe. Mwana anali patsogolo akuonetsa vidiyo kwa asisi ake pafoni. Pa kona ya msewu wawo mayi anatembenukira kwa amuna awo.

"Ya ophunzira ndaimva. Ndi yabwino. Nanga m'kope lonselo ine ndilimo?"

"Mulimo."

"Tsamba liti?"

"Masamba ambiri."

"Mukandiwerengere kunyumba, kopanda anthu."

Anakhala pakhonde, pafupi ndi makina osokera, ndipo a Buleki anawerenga zitatu. Yachitatu inali ya tsiku limene anaonana koyamba, mayiwo akudikira mvula kuti ikate pansi pa denga la sitolo. Mayi anamvetsera atapinda manja, maso ali pansi. Itatha anapukuta mphuno ndi kansalu kotsala.

"Diresi lija silinali lofiira, bambo. Linali lachikasu. Ndinasoka ndekha."

A Buleki anatenga cholembera n'kukonza pomwepo.

Kuyambira pamenepo saphonya Loweruka loyamba. Sikuti amalakatula mwezi uliwonse. Nthawi zambiri amafika msanga kudzathandiza kundandalika mipando, kenako amaima pafupi ndi mapaleti n'kumalankhula motsitsa ndi amene akukwera koyamba. Iwo ndi wometa tsitsi ali ndi nyimbo ziwiri tsopano, ndipo amayeserera m'chipinda chometera makasitomala akachepa. Wokonza mapaipi amati nyimbozo n'zabwino koma zikusowa mawu a besi, kutanthauza ake.

Mayi amabwera nawo nthawi zonse, ndipo anakopa anzawo awiri oyandikana nawo nyumba. Kwa miyezi inayi ankangokhala kutsogolo n'kumaweruza ena monong'ona, uyu wathamanga, uyu wayamba pamwamba kwambiri. Loweruka lapitali atafika pakhomo anaima, anatenga cholembera, n'kulemba dzina pa nambala 4 osafunsa munthu. Anaimba nyimbo imene ankaimba mu kwaya ali mtsikana, ndime zonse zitatu, osanjenjemera ngakhale pang'ono. A Buleki anakhala mzere woyamba atawagwirira chikwama pamiyendo.