Jonasi Shaba ndi Mtembo wa pa Kalwera

Kufupi ndi Champhira kunali munthu wina dzina lake Jonasi Shaba. Mulungu anamumana msinkhu, koma mawu anamupatsa osayeza. Akaima pachulu kuitana ng'ombe zake, zinkabwera ndi za eni ake zomwe. Maliro, msonkhano, mbuzi yosochera, zonse ankalengeza ndiye, ndipo mkazi wake ankadandaula kuti m'nyumba mwawo simukhala chinsinsi, poti ngakhale kunong'ona kwa Jonasi kunkamveka kudambo. Ntchito yake yeniyeni inali yofula njuchi. Ming'oma yake ya makungwa ankaipachika m'mitengo ya m'mbali mwa Kalwera, kamtsinje kamene kanali malire a mudzi wake ndi mudzi wa kwa Chibwaka.

M'chaka cha 1911, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, Jonasi analawirira kukaona ming'oma. Pambali pa njira, m'dziko la mudzi wake, anapeza munthu ali chafufumimba, mutu uli magazi okhaokha. Anavala jekete ndi nsapato, zovala za munthu wochokera ku migodi ya ku Halale, koma katundu analibe. Pafumbi panali mapazi a anthu awiri olowera chakumadzulo, wina wokoka mwendo. Jonasi atamugwedeza, munthu uja anabuula kamodzi.

Masiku amenewo aliyense ankadziwa kuti mtembo ndi wa mwini dothi. Munthu akafera m'dziko lanu, amuna a mudzi wonse ankatengedwa kukafunsidwa kuboma, ndipo woyamba kuuona ndiye ankayamba kumangidwa. Nzeru imene anthu ankauzana pamowa inali imodzi: uwolotse malire, akaonere ena. Jonasi sanaganize kawiri. Anamugwira m'khwapa n'kumukokera kutsidya, poti Kalwera anali wouma, ndipo anamugoneka pansi pa msuku m'dziko la kwa Chibwaka. Pofika apo munthu uja anali zii. Jonasi anathyola nthambi nasesa njira yonse, magazi anakwirira ndi mchenga, mapazi aja anafufuta. Pobwerera kumudzi ankadziuza kuti kubuula kuja unali mpweya chabe wotuluka mwa munthu wakufa kale. Anadziuza kangapo, koma mtima sunavomere.

Mtembo anaupeza ndi amayi okatola masuku tsiku lotsatira. Chitupa cha m'thumba chinasonyeza kuti anali Wilson Lungu wa ku Euthini, amene anakhala zaka zitatu kumigodi ndipo anali atatsala masiku ochepa kuti afike kwawo. Apolisi anafufuza pansi pa msuku paja mpaka kutopa, osapeza kanthu. Anatenga Mateyu, nkhalamba ya kwa Chibwaka imene munda wake unali pafupi, n'kukaisunga ku Mzimba. Nkhalambayo sinkadziwa chilichonse. Pamapeto pake boma linaganiza zopempha anthu kuti alithandize.

Kalata ya pempholo anabwera nayo ku Champhira mesenjala wina dzina lake Malizani, wa ku Dedza, amene Chitumbuka chake chinkaseketsa ngakhale nkhuku. Anafunsa ngati kuli munthu wa mawu amene angayende naye m'midzi. Zala zonse zinaloza Jonasi. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Anayenda milungu itatu. Malizani ankawerenga, Jonasi n'kumafuula m'Chitumbuka kuti Wilson Lungu anaphedwa pansi pa msuku kutsidya kwa Kalwera, ndipo aliyense amene anaona kanthu, kaya mlendo wonyamula bokosi losakhala lake, kaya phazi lachilendo m'njira, apite kuboma akanene, sadzamangidwa. Anafuula pa Champhira, pa Jenda, pabwalo la boma ku Mzimba, pakhomo pa matchalitchi anthu akutuluka. Malizani ankamuyamikira kuti sanaonepo munthu wogwira ntchito ya boma ndi mtima wonse chotero. Nthawi iliyonse akatchula msuku uja, Jonasi ankadziwa kuti akutumiza maso a dziko lonse pamalo olakwika, ndiponso kuti munthu yekhayo amene kalatayo inkamufuna ndi amene ankailengeza. Ankachita manyazi, koma mantha ankaposa.

Ku Euthini anthu atabalalika, panatsala mayi mmodzi wometa mpala wa maliro. Anali Elube, mkazi wa malemuyo. Anagwada n'kupereka kwa Jonasi mtedza wokazinga m'kansengwa.

"Yewo chomene, adada," anatero pothokoza m'Chitumbuka. "Mwamulira mwamuna wanga kuposa abale ake. Wina amva, mbwenu abwera."

Jonasi analandira ndi manja awiri. Mtedzawo anakaupatsa Malizani.

Sanabwere munthu. Mateyu anamasulidwa patapita miyezi iwiri, akutsokomola, ndipo chimanga cha chaka chimenecho sanadye nawo. Anthu anayamba kulambalala mudzi wa kwa Chibwaka. Anyamata akumeneko akapita kukafunsira mbeta, ankauzidwa kuti sitipereka mwana kwa opha alendo. Pa maliro a Mateyu wolengeza analinso Jonasi, ndipo pobwerako anagona masiku anayi osadwala matenda ooneka.

Mlandu suola. Mvula itatha, Jonasi anauza mkazi wake kuti akukagulitsa uchi, nayenda yekha mpaka ku Euthini. Anapeza Elube akutonola chimanga kuseri kwa nkhokwe. Anakhala pansi chapatali, ndipo anafotokoza zonse motsitsa mawu: kumene anamupeza Wilson, mmene anamukokera, mapazi a anthu awiri aja, ndi nthambi imene anasesera. Elube sanasiye kutonola mpaka iye atamaliza.

"Pomwe munkamukoka, anali atafa kale?"

Ulendo wonse Jonasi ankapemphera kuti funso limeneli lisabwere. Akanatha kunama, ndipo palibe akanamutsutsa.

"Ayi, amama. Anabuula kamodzi."

Elube anaika chitsononkho pansi. Sanalire, sanatukwane. Kenako anafunsa ngati a kwa Chibwaka akudziwa, ngati ana a Mateyu akudziwa. Jonasi anapukusa mutu.

"Bodza munalinenera pabwalo, dziko lonse likumva," anatero Elube. "Zoona mwabwera nazo kuseri kwa nkhokwe, kwa ine ndekha. Ine ndichite nazo chiyani? Pitani mukanene komwe munanena zija."

Jonasi anavomera, ndipo povomerapo ankanenadi zochokera pansi pa mtima. Njira yobwerera inkadutsa pa Mzimba. Anafika pafupi ndi boma dzuwa lili paliwombo, anaona mbendera, anaona apolisi awiri atakhala pakhonde, ndipo anaima pansi pa mtengo kukonza mawu oyambira. Anaima mpaka mthunzi unasuntha. Kenako ananyamula chikho chake cha uchi napitirira, akuti adzabweranso akakolola.

Anakhala ndi moyo zaka zina makumi atatu. Anali munthu wofatsa, wosakana ntchito ya maliro, ndipo mpingo unamusankha kukhala mkulu. Amene anapha Wilson Lungu sanadziwike. Elube sanaulule kwa munthu, poti ankadikira kuti mwini nkhani anene yekha, ndipo anamwalira akudikirabe. Mdzukulu wa Mateyu atakula anasamukira ku Kasungu n'kusintha dzina la bambo ake, kuti apeze mkazi.