Mutu wa Injini mu Uvuni wa a Bodil

Tsiku lililonse akamaliza khofi wam'mawa, a Ejnar Lautrup ankavala nsapato zawo zamatabwa n'kudutsa pabwalo kupita kugaraja. Ankavundukula bulangete lakale lomwe ankafunditsa injini, n'kukoleka sipanala yaikulu pa nati yakutsogolo, n'kuizunguza kamodzi kokha, khutu ali tcheru. Akamva mapisitoni onse asanu ndi imodzi akutsetsereka bwinobwino, ankagwedeza mutu n'kubwezera bulangete lija. Ankati chitsulo chili ngati bondo la nkhalamba, ukaligoneka tsiku limodzi mawa lake limakukanira.

Umakaniko sanauphunzire kulikonse. Anagawa makalata zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri m'midzi yozungulira tauni ya Tønder, poyamba panjinga, kenako pa kagalimoto ka positi. Zonse zokhudza injini anazitola m'chibuku chachingerezi chomwe ankachiwerenga akulondola ndi chala, milomo ikugwedera.

Galimoto ya m'garajamo inali ya 1958, yakuda bii, yaitali ngati bwato, mipando yake yachikopa chofiira. Kale inali ya dokotala wam'mudzimo. A Ejnar anaikwerapo kamodzi ali ndi zaka zisanu ndi zinayi atathyoka mkono, ndipo ankati ulendo wonse wa kuchipatala anaiwala kulira. Atapuma pantchito anaipeza m'khola la munthu wina, mbewa zitaswerana m'mipando, injini itauma gwaa. Akazi awo, a Bodil, ataiona ikutsitsidwa palole anangofunsa kuti, "Nanga maliro ake ndi liti?"

Zaka zitatu zinatha a Ejnar ali m'garaja. Kenako masitepe am'nyumba anayamba kuwakanika a Bodil, nyumba inagulitsidwa, ndipo pa 1 Meyi anayenera kusamukira m'kanyumba ka mumzinda kopanda garaja, kopanda ngakhale bwalo. Malo okha omwe galimoto ikanakhala anali shedi ya mathirakitala ya a Asger, mlongo wawo wa a Bodil, mlimi wokonda zogemula.

"Malo alipo, alamu," anatero a Asger. "Koma ibwere ikuyenda yokha. Shedi yanga si manda. Mukabwera nayo pachingwe, chingwe chomwecho ndikaikokera kwa wogula zitsulo zakutha."

"Idzayenda."

"Munatero chaka chatha. Dzana lakenso munatero."

Kutatsala masabata atatu, kunsi kwa injini kunali kutatha. Chotsala chinali mutu wake, chichitsulo cholemera ngati mwana wa ng'ombe. M'mutumo munayenera kulowa timapaipi ta mkuwa khumi ndi tiwiri momwe mavavu, tizitseko tolowetsa ndi kutulutsa mpweya, amayendamo, ndipo timapaipito sitilowa ndi mphamvu. Buku linkati mutu uwotchedwe kuti mabowo akule pang'ono, timapaipi tizizire kuti tichepe, kenako n'kukhomera msangamsanga. A Ejnar anawerenga ndimeyo katatu, n'kukaima pakhomo la khitchini.

"Mayi, uvuni wanuyu amatentha kufika pati?"

A Bodil anawayang'ana pamwamba pa magalasi. "Mukufuna kuikamo chiyani?"

"Kanthu kochepa. Ola limodzi lokha."

"Ndati chiyani?"

Atawauza, a Bodil anaika pansi mpeni. "Bambo, Lamlungu kukubwera anthu khumi ndi awiri kudzamwa khofi wotsanzikana. Makeke ofewa mitundu isanu ndi iwiri, ouma mitundu isanu ndi iwiri, onse atuluka mmenemu. Chitsulo chanucho chikangoponda m'khitchini muno, inu ndi icho mukagona kwa Asger."

Lachitatu masana a Bodil ankapita kukwaya. Basi itangokhota pakona, a Ejnar anatulutsa timapaipi tija mufiriji, pansi pa nsawawa zouma ndi chisanu pomwe anatibisa dzulo lake, n'kuonetsetsa kuti tazizira, n'kutibwezeramo. Mutu wa injini anali atautsuka katatu ndi parafini ndi sopo mpaka unkawala. Anaunyamula akubuula, nauika mu uvuni.

Chomwe buku silinanene n'chakuti m'kati mwa mutumo muli tinjira tomwe burashi siifika, ndipo m'tinjiramo munali oyilo wa zaka makumi asanu. Atamva kutentha anayamba kudontha. Utsi wobiriwira unadzaza khitchini. Koma kubwerera m'mbuyo kunali kosatheka. A Ejnar anavala magolovesi a a Bodil ogwirira mbale zotentha, nathamanga nacho chitsulocho pabwalo nsapato zikulira kho kho kho, nayamba kukhoma. Timapaipi tonse khumi ndi tiwiri tinalowa mwaulemu ngati tikulowa kwawo. Munthu wamkulu anavina yekha m'garaja.

Atabwerera m'khitchini chimwemwe chinatha. Anatsekula mawindo onse, nakwecha uvuni, nakazinga anyezi ndi nyama yankhumba kuti fungo lisokonekere.

"Mwaphika? Inuyo?" anafunsa a Bodil polowa.

"Ndimafuna kukudabwitsani."

"Mwakwanitsa. Nanga mawindowa, mukuumitsa nsomba?"

Anadya chakudyacho akunjenjemera ndi mphepo yochokera kunyanja, ndipo m'mawa mwake a Bodil anadzuka ndi chimfine, mphuno zitatsekeka. Anaphika makeke Lachinayi, Lachisanu ndi Loweruka osamva fungo lililonse. A Ejnar anaganiza kuti apulumuka.

Lamlungu alendo anakhala mozungulira tebulo, makatoni a katundu atawunjikidwa kukhoma. Patebulo lotere mlendo amalawa mtundu uliwonse, sadumpha, ndipo sanyoza. A Ejnar analuma keke yoyamba, ya kirimu, n'kuima kutafuna. Garaja yonse inali m'kamwa mwawo. Anayang'ana anzawo mwakabisira. Onse ankatafuna pang'onopang'ono, maso ali m'mbale, aliyense akumwera khofi wambiri kuposa masiku onse.

"Chaka chino zakoma mwamtundu wina, Bodil," anatero mayi wina woyandikana nawo nyumba, misozi ili m'maso.

"Onjezerani, musachite manyazi," anatero a Bodil, nawaikiranso ina.

Anapirira mtundu wachiwiri, napirira wachitatu. Pa wachinayi a Asger anaika foloko pansi, napukuta ndevu.

"Mlongo wanga, ndifunse nawo. Keke iyi yayenda makilomita angati?"

Mayi uja anaphulika ndi kuseka, ena onse n'kutsatira, wina mpaka khofi kutulukira m'mphuno.

"Ine ndakalamba ndikupopa dizilo ndi pakamwa," anapitiriza a Asger. "Uyu si dizilo ayi. Uyu ndi oyilo wa mabwana. Alamu, mwatilemekeza."

A Bodil sanaseke. Anadzuka, natuluka, ndipo pawindo onse anawaona akulowa m'garaja. Anabwerako atanyamula magolovesi aja ndi zala ziwiri, akuda ngati makala, nawaika pambali pa mbale ya amuna awo. Kwa alendo anabweretsa buledi ndi tchizi. Kenako anadula keke chigawo chachikulu, nawaikira a Ejnar.

"Mitundu ndi khumi ndi inayi, bambo. Mwafika pa wachinayi. Pitirizani."

A Ejnar anadya yonse khumi ndi inayi, alamu awo akuwawerengera mokweza.

Masiku awiri m'nyumbamo munalibe mawu. A Ejnar ankakhalira m'garaja, akupera mavavu, kamtengo akukapukusa pakati pa zikhatho mpaka matuza. Mavavu atakhala bwino panatsala kuwamanga, ndipo apa m'pamene zinavuta. Vavu iliyonse imagwidwa ndi titsulo tiwiri tating'ono ngati njere za mpunga, toikidwa sipuling'i ya vavuyo itapanikizidwa. Zala za a Ejnar zinali zonenepa. Kachitsulo kamodzi kanathawa n'kulowa pansi pa benchi, ndipo anakafuna chogwada theka la tsiku. Pofika Lachitatu anali atamanga vavu imodzi yokha mwa khumi ndi ziwiri. Anakhala pa chitini cha penti, manja ali pamaondo. Kwa nthawi yoyamba anaganiza za chingwe cha a Asger osaseka.

"Sunthani."

Anali a Bodil, atavala epuloni, m'manja muli singano yolukira ndi kambale ka batala. Anasoka makolala a malaya kufakitale zaka makumi awiri ndi zisanu, ndipo maso awo pa zinthu zing'onozing'ono anali akadali akuthwa.

"Mayi, ine ndimati…"

"Musanene kanthu. Makeke anga asafere chabe. Panikizani chisipuling'i chanucho."

Anapaka kabatala kunsonga kwa singano, kachitsulo n'kumatirira, nakatsetsereza pamalo pake. Kachiwiri chimodzimodzi. Khofi wamasana asanakwane, mavavu onse anali atamangidwa.

"Zaka zitatu," anatero a Bodil akupukuta singano. "Mukanandifunsa kale bwenzi tikupita nayo kutchalitchi."

Masiku otsalawo anagwira awiri, a Bodil akuwerenga manambala m'buku, a Ejnar akumanga mabawuti motsatana. Kutatsala masiku awiri kuti asamuke, masana, anathira petulo n'kulumikiza batire. A Ejnar anakhala pampando wofiira uja, napotokola kiyi, nadina batani. Injini inatsokomola n'kukhala chete. Anadinanso, inatsokomola kawiri. Kachitatu inagwira, inagwedezeka, inalavula utsi, kenako inakhazikika n'kumang'ung'udza pansipansi ngati mphaka wokhuta. A Ejnar anangogwiritsitsa chiwongolero. A Bodil ndi amene anaimbira mlongo wawo n'kulozetsa foni kupaipi ya utsi.

"Amenewo ndi makina ako ochapira," anatero a Asger.

"Mawa utsekule shedi, iwe. Usesemonso."

M'mawa mwake a Ejnar anavala jekete la Lamlungu, natsekulira a Bodil chitseko chakumbuyo. Makilomita khumi ndi imodzi anawayenda paliwiro la njinga, lole ya mkaka ikuwaimbira hutala kumbuyo. Atafika pafamu anapeza a Asger ataima pakhomo la shedi, zitseko zili pululu, tsache lili m'manja. A Ejnar anachepetsa liwiro, nakweza chipewa, napitirira. Anakafika mpaka kukhoma lotchinga nyanja, ndipo a Asger anawadikira mpaka nthawi ya nkhomaliro.