Udzu umene unagwira mkulu wanga kudambo

Ena munena kuti ndapeka, koma izi ndinaziona ndi maso angawa, dzuwa lili paliwombo, ndipo bodza pa nkhani ya maliro lingandipindulire chiyani?

Chinali chaka cha njala, madzi osefukira atakokolola chimanga chathu kuno ku Nsanje, ndiye ine ndi mkulu wanga, mayi wa ana awiri, tinkapita kudambo kukazula nyika, timizu ta pansi pa madzi tija timene timatipulumutsa zinthu zikavuta. Iye ndiye ankamira, ine n'kumagwira bwato, poti madzi ndimawaopa kuyambira ndili mwana ndipo ankandiseka nazo.

Malo amene tinapita tsikulo tinkawadziwa bwino. Kale udzu wa pansi pamenepo unkakhala waufupi chifukwa nsomba zinkaudya tsiku ndi tsiku ngati mbuzi pabwalo. Koma anthu anali atakokapo ndi maneti a udzudzu mpaka tiana ta nsomba tomwe, nanga ndani akanawaletsa ana akulira njala kunyumba? Nsomba zitatha udzu uja unakula mwakachetechete, ife pamwamba osadziwa.

Mkulu wangayo anandiuza kuti ndisasunthe bwato, amira kamodzi kokha kenako tizipita. Anamira. Ndinaona thovu, kenako madzi anangoti bata. Sindinakuwe, sindinalire, ndinangokhala nkhafi ili m'manja mpaka asodzi ena anandipeza n'kundifunsa chimene ndinkayang'ana m'madzimo. Nditawauza, onse anati ndi ng'ona, poti kwathu kuno munthu akasowa m'madzi timathamangira kunena ng'ona. Koma atamuvuula analibe bala ngakhale limodzi. Udzu unali utamukulunga miyendo mpaka m'chiuno, nyika atazifumbatabe.

Nyikazo ndinazitenga, ndipo maliro atatha ndinaphikira ana ake, poti m'nyumba munalibe china. Ena anati ndilibe mtima. Mwina amanena zoona, chifukwa mumtima mwanga munali zii, ndipo mpaka lero misozi yake sinabwere.

Ena amati mizimu ya m'dambo inakwiya. Ine ndimakhulupirira kuti nsomba zija ndizo zinkatilambulira njira, ife osazindikira. Choncho inu opita kokazula nyika, musamangosamala za ng'ona. Yambani mwaimitsa bwato muone ngati tinsomba tikuyendayenda m'madzimo, ndipo ngati mulibe, musamire.

Ana aja ndikuwalera ndine. Sadziwa kuti nyika zimene anadya tsiku lija ndinazichotsa m'manja mwa ndani.